Tractate: liwu losowa lomwe ndi mbale wake wa thirakitala

Wophunzira za umulungu, wophunzira malamulo, ngakhalenso womasulira mabuku kuchoka m'Chingerezi, tsiku lina amakumana ndi liwu lakuti tractate. Liwuli silimveka pawailesi, silipezeka m'nkhani za tsiku ndi tsiku, ndipo Angerezi eni ake ambiri amakalamba osalitchulapo. Koma m'mabuku a chipembedzo, a mbiri yakale ndi a nzeru zakuya limabwera kawirikawiri, ndipo amene salidziwa amagwera m'mbuna ziwiri. Ena amaliyesa thirakiti, kapepala kauthenga kogawidwa pamsika kapena m'basi. Ena amaliyesa pangano la pakati pa mayiko. Mawu atatuwa ndi apachibale ndithu, koma lililonse lili ndi ntchito yakeyake, ndipo kuwasokoneza kumapotoza chiganizo chonse.

Tanthauzo lake

Tractate ndi cholembedwa chomwe chimatenga mutu umodzi n'kuutambasula mwadongosolo, kuchokera pa maziko ake kufikira pa mfundo yotsiriza. Wolemba amanena chimene akufuna kukamba, amatanthauzira mawu ofunika, amayala mfundo zake motsatana, amayankha amene angamutsutse, kenako n'kumanga nkhani. Cholinga chake ndi kuphunzitsa, kuti wowerenga akafika kumapeto akhale ataiona nkhaniyo mbali zonse.

Chingerezi chili ndi liwu lina lodziwika bwino la tanthauzo lomweli, lakuti treatise, ndipo mabuku otanthauzira mawu akafika pa tractate kawirikawiri amangoloza kumeneko. Kusiyana kwa awiriwa kuli pa malo amene amapezeka. Treatise limalowa paliponse: buku la zachipatala, la zomangamanga kapena la chuma lingatchedwe choncho. Tractate lidatsalira m'mabwalo ochepa, makamaka m'maphunziro a Chiyuda, m'zolemba za mpingo woyambirira ndi m'mitu ya mabuku ena akale.

Kukula kwa buku sindiko kumalipatsa dzinali. Mlakatuli wa ku England, John Milton, adalemba mu 1644 kabuku ka masamba 8 okha kolongosola mmene ana ayenera kuphunzitsidwira, komwe adalembera mnzake Samuel Hartlib. Pamene kankasindikizidwanso mu 1673 pamodzi ndi ndakatulo zake, kadatchedwa tractate, ndipo mpaka lero ambiri amakadziwa ndi dzina lakuti Tractate on Education. Masamba 8 adakwanira chifukwa mutu udali umodzi ndipo mfundo zidayalidwa mwadongosolo.

Potchula, liwuli lili ndi maphatikizo awiri ndipo mphamvu imagwera pa loyamba. Phatikizo lachiwiri limamveka ngati liwu la Chingerezi la nambala 8 lokhala ndi t patsogolo.

Kumene lidachokera

Tsinde la liwuli ndi mneni wa Chilatini trahere, kutanthauza kukoka. Aroma adali ndi njira yosinthira mneni pofuna kusonyeza kuti ntchito ikuchitika mobwerezabwereza, monga mmene Chichewa chimachitira pobwereza tsinde: kuyenda kumakhala kuyendayenda, kugwira kumakhala kugwiragwira. Motero kuchokera pa trahere padabadwa tractare, kukokakoka kapena kugwiragwira chinthu, kuchitembenuza uku ndi uku m'manja. Mayi wogula chitenje akachitambasula, kuchikoka kuti aone kulimba kwake, n'kuchitembenuza kuti aone kuseri, akuchita chimene Mroma akadachitcha tractare.

Pakupita kwa nthawi mneniyu adayamba kunenedwanso pa zinthu zosagwirika ndi manja, monga kuyendetsa ntchito, kukambirana mlandu kapena kusanthula funso. Dzina lochokera pamenepa ndi tractatus, lomwe poyamba linkatanthauza kugwiragwira komweko, kenako kukambirana nkhani, ndipo pomaliza cholembedwa chimene nkhaniyo yasanthulidwamo. Tractate ndi tractatus yemweyo atavala Chingerezi.

Banja la trahere ndi lalikulu, ndipo ana ake ena adalowa kale m'Chichewa. Thirakitala ndi makina okoka, basi: dzina lake silinena za kulima, limanena za kukoka pulawo kapena ngolo. Kontirakiti imachokera pa mawu otanthauza kukokera pamodzi, pakuti imasonkhanitsa anthu awiri pa mgwirizano umodzi. Mwana wa sukulu akamachotsera manambala pa masamu, liwu la Chingerezi limene amamva m'kalasi, subtract, limatanthauza kukoka kuchotsa pansi.

Mawu ena a m'banjali adafika ku England podzera ku France, makamaka Anomani olankhula Chifalansa atalanda dzikolo mu 1066. Pakamwa pa Afalansa tractare adapereseka n'kukhala traiter, ndipo kumeneko ndi kumene kudachokera treat, treatise ndi treaty. Tractate silidadzere njira imeneyo. Anthu ophunzira adalitenga m'mabuku a Chilatini mwachindunji, n'chifukwa chake lidasunga maonekedwe ake akale. Choncho treatise ndi tractate ndi ana a bambo mmodzi: wina adakulira pakamwa pa anthu, wina adakulira m'mabuku.

Mu mpingo woyambirira: ulaliki wofotokoza Malemba

M'Chilatini cha akhristu a zaka za m'ma 300 ndi 400, tractatus lidapeza tanthauzo lapadera. Linkaimira ulaliki umene bishopu kapena mphunzitsi ankatenga ndime ya Baibulo n'kumaifotokoza vesi ndi vesi pamaso pa mpingo. Mlaliki wotere ankagwiragwira lemba monga mmene liwulo limanenera, kulitembenuza mpaka omvera aone zimene zili m'kati mwake.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Augustine, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430 ndipo adali bishopu wa Hippo, mzinda umene lero ukutchedwa Annaba m'dziko la Algeria. Iye adasiya matractate 124 ofotokoza Uthenga Wabwino wa Yohane kuyambira mutu woyamba mpaka wotsiriza, ndi ena 10 ofotokoza kalata yoyamba ya Yohane. Ena mwa iwo adalalikidwa m'tchalitchi alembi akulemba zimene akumva, ndipo ena adachita kulembetsa. N'chifukwa chake m'zolembazi mumamveka mawu a munthu wolankhula ndi gulu: amafunsa mafunso, amabwereza mfundo, amakumbutsa anthu pamene adalekezera tsiku lapitalo. Hilary wa ku Poitiers, bishopu wa ku France wa zaka za m'ma 300, nayenso adatcha ndemanga zake za Masalimo ndi dzina lomweli.

Wophunzira za umulungu akaona buku likunena za tractate ya nambala 26 ya Augustine pa Yohane, ayenera kudziwa kuti akutumizidwa ku ulaliki umodzi mwa maulaliki 124 aja. Kumasulira kuti ndi buku la nambala 26 kungachititse wowerenga kuganiza kuti Augustine adalemba mabuku oposa 100 pa Yohane yekha.

Mu Talmud: kumene liwuli lili moyo lero

Malo amene tractate limamveka kwambiri masiku ano ndi m'maphunziro a Chiyuda. Cha m'ma 200, mphunzitsi wamkulu wa Ayuda, Judah ha-Nasi, adasonkhanitsa malamulo ndi zigamulo zimene zinkaperekedwa pakamwa kuchokera ku mibadwo yam'mbuyo, n'kupanga buku lotchedwa Mishnah. Bukuli lili ndi magawo akuluakulu 6. Zeraim, kutanthauza mbewu, limakamba za ulimi ndi mapemphero. Moed limakamba za Sabata ndi zikondwerero. Nashim, kutanthauza akazi, limakamba za ukwati ndi kusudzulana. Nezikin limakamba za kuwonongerana katundu, milandu ndi mabwalo. Kodashim limakamba za nsembe ndi Kachisi, pomwe Tohorot limakamba za kuyeretsedwa. Magawo amenewa adagawidwanso m'zigawo zing'onozing'ono 63, ndipo chigawo chilichonse mwa izi ndicho chimatchedwa tractate m'Chingerezi.

Aphunzitsi a mibadwo yotsatira adakambirana Mishnah mzere ndi mzere, ndipo zokambirana zawo, zotchedwa Gemara, zitaphatikizidwa ndi Mishnah zidapanga Talmud. Pali Talmud ziwiri, ya ku Jerusalem ndi ya ku Babulo. Ya ku Babulo, yomwe ndi yaikulu ndiponso yowerengedwa kwambiri, ili ndi Gemara pa matractate 37 mwa 63 aja.

Mayina a matractate ambiri amasonyeza zomwe zili m'kati. Berakhot ndi ya madalitso ndi mapemphero, Shabbat ndi ya Sabata, Ketubot ndi ya mapangano a ukwati, Gittin ndi ya makalata osudzulira, Sanhedrin ndi ya mabwalo a milandu. Ina idatenga dzina pa liwu loyamba: Beitzah, kutanthauza dzira, imakamba za masiku a zikondwerero, koma imayamba ndi funso la dzira loikiridwa pa tsiku lachikondwerero. Itatu ina, Bava Kamma, Bava Metzia ndi Bava Batra, kutanthauza chipata choyamba, chapakati ndi chotsiriza, poyamba idali tractate imodzi yomwe idagawidwa patatu kamba ka kukula kwake. M'menemo muli milandu yosasiyana ndi imene imafika pabwalo la mfumu: ng'ombe yogunda inzake, chiweto chodya m'munda mwa eni, dzenje losiyidwa losafotsera, katundu wotola panjira, malipiro a waganyu, mpanda wa pakati pa oyandikana nyumba ndi kugawana chuma cha masiye.

Liwu la Chihebri limene tractate likuimira ndi masekhet, ndipo chithunzi chake ndi china. Limanena za ulusi woyalidwa pa chowombera nsalu. M'Baibulo limapezeka pa Oweruza 16, pamene Delila adalukira tsitsi la Samsoni mu ulusi wotere. Kwa Ayuda, chigawo cha maphunziro ndi nsalu yowombedwa ndi ulusi wambiri. Chithunzi chimenechi chimayenerera Talmud kuposa cha Chilatini, chifukwa tractate ya mu Talmud si ntchito ya munthu mmodzi woyala mfundo zake molunjika. Ndi mkangano wa aphunzitsi ambiri a mibadwo yosiyana, wolembedwa m'Chihebri ndi m'Chiaramu, ndipo nthawi zambiri umapatuka pa mutu wake. Gittin, ya makalata osudzulira, ili ndi masamba angapo osimba za kuwonongedwa kwa Jerusalem. Apa tractate likutanthauza chigawo chokhala ndi dzina lake m'kati mwa buku lalikulu.

Potchula malo mu Talmud ya ku Babulo, amalemba dzina la tractate, nambala ya tsamba ndi chilembo a kapena b chosonyeza mbali ya tsambalo, monga Berakhot 2a. Manambalawa adakhazikika kuchokera pa Talmud yomwe Daniel Bomberg adamaliza kusindikiza ku Venice mu 1523, ndipo osindikiza ena adatsatira, kuphatikizapo a ku Vilna m'zaka za m'ma 1880, omwe masamba awo ndiwo amajambulidwa mpaka pano. Pafupifupi tractate iliyonse imayambira pa tsamba 2. Yokhala ndi masamba ambiri ndi Bava Batra, yomwe imathera pa tsamba 176.

Mu 1923 mphunzitsi wa ku Poland, Meir Shapiro, adayambitsa mwambo wotchedwa Daf Yomi, woti Ayuda kulikonse kumene ali aziwerenga tsamba limodzi lomwelo la Talmud tsiku lililonse. Masamba onse alipo 2,711, ndipo kuwamaliza kumatenga zaka 7 ndi miyezi pafupifupi 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu kapena gulu likamaliza tractate imodzi pamakhala phwando lotchedwa siyum, ndipo ulendo wonse ukatha pamakhala chikondwerero chachikulu, monga chidachitikira mu Januwale 2020. Kwa anthu amenewa tractate ndi liwu la tsiku ndi tsiku, lomwe amafunsana kuti wafika pati.

M'zolemba zakale zofukulidwa

Akatswiri a zolemba zakale amaligwiritsa ntchito m'njira yofananako. Chakumapeto kwa 1945, alimi a kufupi ndi Nag Hammadi, kummwera kwa Egypt, akukumba dothi lothira m'minda adapeza mtsuko momwe mudali mabuku 13 a gumbwa olembedwa m'Chikoputiki m'zaka za m'ma 300. M'mabukumo mudali zolemba 52 za mitundu yosiyanasiyana: mauthenga, makalata, mapemphero, masomphenya ndi ziphunzitso, zambiri za magulu omwe mpingo waukulu udawakana. Chimodzi mwa izo ndi Uthenga wa Tomasi, wokhala ndi zonena 114. Pofuna dzina limodzi losakondera mtundu uliwonse, akatswiri amatcha cholemba chilichonse mwa 52 zija tractate. Chimodzi chomwe chidapezeka chopanda mutu adachipatsa dzina lakuti Tripartite Tractate, chifukwa chili ndi magawo atatu. Mabukuwa akusungidwa ku Coptic Museum mumzinda wa Cairo.

Chimodzimodzinso ndi zolemba za Plotinus, katswiri wa nzeru zakuya yemwe adamwalira mu 270. Wophunzira wake Porphyry adazisanja m'magulu 6, gulu lililonse lokhala ndi zolemba 9, zonse pamodzi 54. Gulu lililonse limatchedwa Ennead, kuchokera pa liwu la Chigiriki la nambala 9, ndipo omasulira m'Chingerezi ambiri amatcha cholemba chilichonse m'gulumo tractate.

M'mitu ya mabuku otchuka

Mabuku ena adasunga maonekedwe a Chilatini, tractatus, ngakhale akutchulidwa m'zilankhulo zina. Cha m'ma 1188 ku England kudalembedwa buku lomwe mutu wake umayamba ndi mawu akuti Tractatus de legibus, lofotokoza malamulo ndi miyambo ya ufumuwo. Limadziwika ndi dzina la Ranulf de Glanvill, mkulu wa oweruza a Mfumu Henry II, ndipo limawerengedwa kuti ndi buku loyamba lolongosola mwadongosolo malamulo a ku England ochokera ku zigamulo za makhoti. Malamulo a mtundu umenewu ndiwo adabwera ndi atsamunda, ndipo makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia akuyendabe pa maziko ake.

Mu 1670 Baruch Spinoza, wobadwira ku Amsterdam, adatulutsa Tractatus Theologico-Politicus. M'bukuli adati boma silitaya mtendere likalola anthu kuganiza ndi kulankhula momasuka, ndiponso kuti Baibulo liyenera kusanthulidwa monga zolemba zina zakale, mpaka kunena kuti Mose sadalembe mabuku onse asanu oyamba. Podziwa chimene chikadatsatira, sadaikepo dzina lake, ndipo pachikuto padalembedwa kuti lasindikizidwa ku Hamburg pomwe lidasindikizidwa ku Amsterdam. Mu 1674 akuluakulu a ku Holland adaliletsa.

Patapita zaka pafupifupi 250, Ludwig Wittgenstein wa ku Austria adamaliza kabuku kake ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kadatuluka m'Chijeremani mu 1921, ndipo chaka chotsatira kadatuluka ku London m'Chijeremani ndi m'Chingerezi ndi mutu wakuti Tractatus Logico-Philosophicus, umene G. E. Moore adapereka pokumbukira buku la Spinoza. Kabukuka kamafuna kuika malire a zimene chilankhulo chingathe kunena momveka. Kali ndi mfundo zikuluzikulu 7, ndipo pansi pa zisanu ndi imodzi zoyambazo pali mfundo zing'onozing'ono zokhala ndi manambala monga 1.1 ndi 2.01, kusonyeza kuti iyi ikufotokoza iyo. Lero munthu wa filosofi akangoti Tractatus, osawonjezera kanthu, amakhala akunena kabuku kameneka.

Kusiyana kwake ndi thirakiti

Liwu la Chingerezi lakuti tract, lomwe Chichewa chidalitenga kukhala thirakiti, limachokera pa tractatus yemweyo koma lofupikitsidwa, ndipo chinthu chomwe limaimira nachonso chidafupika. Thirakiti ndi kapepala kapena kabuku kotsika mtengo, kolembedwa kuti kagawidwe kwa anthu ambiri ndi kuwakopa pa nkhani ya chipembedzo kapena ndale. Bungwe la Religious Tract Society lidakhazikitsidwa ku London mu 1799 kuti lizisindikiza timapepala totere, ndipo liwuli likupezekanso m'dzina la bungwe losindikiza mabuku a Mboni za Yehova, Watch Tower Bible and Tract Society.

Malire a mawu awiriwa adayamba asokonekerapo. Pakati pa 1833 ndi 1841 atsogoleri ena a mpingo wa Anglican ku Oxford, motsogozedwa ndi John Henry Newman, adatulutsa zolemba 90 zotchedwa Tracts for the Times, zolimbikitsa mpingowo kubwerera ku ziphunzitso ndi miyambo ya mpingo wakale. Zoyamba zidali timapepala ta masamba ochepa, koma Edward Pusey atalowamo zidakula n'kukhala mabuku enieni a masamba mazana. Dzina lidatsala la thirakiti pomwe zolembazo zidali zitasanduka matractate. Anthu a gululi adatchedwa Tractarians, ndipo mzimu wawo udafika kuno kudzera mwa amishoni a UMCA, omwe adafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie ndipo pambuyo pake adakhazikika pachilumba cha Likoma.

Pali tract wina amene sakhudzana ndi zolemba. M'mabuku a zachipatala amaimira njira ya m'thupi, monga njira ya chakudya kapena ya mkodzo, ndipo m'nkhani za malo amaimira chigawo chachikulu cha nthaka. Ameneyu akuchokera pa tractus, chinthu chokokedwa motalika.

Kusiyana kwake ndi pangano

M'Chingerezi cha lero treaty ndi pangano la mayiko, ndipo tractate silitanthauza zimenezo. Chisokonezo chimabwera chifukwa zilankhulo zingapo za ku Ulaya zili ndi liwu limodzi pa zinthu ziwirizi. M'Chifalansa traité ndi pangano la ku Versailles la 1919, ndipo ndi mutunso wa buku la Voltaire la 1763 lokamba za kulolerana pa chipembedzo. M'Chitaliyana trattato, m'Chipolishi traktat ndi m'Chipwitikizi tratado zili chimodzimodzi. Sizodabwitsa, pakuti pangano limabadwa mbali ziwiri zikagwiragwira nkhani mpaka kumvana.

Izi zimakhudza makamaka olankhula Chichewa a ku Tete ndi ku Niassa, omwe amaphunzira m'Chipwitikizi. Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal, lomwe lidalemba malire amene akulekanitsa Malawi ndi Mozambique, ndi tratado. Buku lalikulu la zachipatala kapena la malamulo nalonso ndi tratado. Womasulira amayang'ana mawu ozungulira: ngati chinthucho chidasainidwa ndi nthumwi za mayiko, ndi pangano, ngati chili ndi mlembi ndi mutu wa maphunziro, ndi buku.

Mawu ena oyandikana nalo

Essay, chimene kusukulu chimatchedwa chimangirizo, idachokera pa liwu la Chifalansa lotanthauza kuyesa, ndipo Michel de Montaigne ndiye adaitchukitsa mu 1580. Wolemba essay amayesa maganizo ake ndipo saumirizidwa kumaliza mutu wonse, pomwe wolemba tractate amalonjeza kuufikitsa pamapeto. Thesis kapena dissertation ndi cholembedwa choperekedwa ku yunivesite pofuna digiri, kotero dzinalo limanena za ntchito yake. Cholembedwa chimodzi chingathe kukhala zonse ziwiri: mu 1929 Wittgenstein adapereka Tractatus yake ku Cambridge ndipo adalandira nayo digiri ya udokotala, omuyesa ali Moore ndi Bertrand Russell. Monograph ndi liwu la masiku ano la buku la kafukufuku pa mutu umodzi, ndipo ndilo limene osindikiza mabuku a maphunziro amakonda. Commentary, ndemanga, imatsatira buku la wina mzere ndi mzere; matractate a Augustine ali pakati pa ndemanga ndi ulaliki.

Kagwiritsidwe kake lero

Polemba Chingerezi cha masiku ano, tractate limakhala pamalo pake m'njira zinayi: potchula chigawo cha Mishnah kapena Talmud, potchula maulaliki a atsogoleri a mpingo wakale, potchula cholemba chimodzi m'gulu la zolemba zakale, ndi potchula buku lomwe mwini wake kapena osindikiza adalipatsa dzinali. Pa Talmud limakhala patsogolo pa dzina, monga Tractate Sanhedrin. Kwina konse limatsatiridwa ndi liwu lakuti on kenako mutu wa nkhani.

Kunja kwa mabwalo amenewa limamveka lachikale kapena lodzionetsera. Wolemba lipoti la ofesi kapena nkhani ya m'nyuzipepala akalitcha tractate, owerenga amaganiza kuti akuseka kutalika kwake, ndipo olemba ena amaligwiritsadi ntchito monyogodola chotero. Wophunzira wolemba mayeso sapindula kanthu poika tractate pamene treatise kapena study likadakwanira.

Kulimasulira m'Chichewa

Chichewa chilibe liwu limodzi lokwanira matanthauzo onsewa, koma chili ndi mneni woyenerera bwino: kutambasula. Monga tractare, amanenedwa pa nsalu kapena mphasa yogwirika ndi manja, ndiponso pa nkhani yofotokozedwa mwatsatanetsatane. Kotero pa tanthauzo lake lalikulu, tractate ndi buku lotambasula mutu umodzi. Mabuku a mtundu umenewu alipo m'Chichewa, monga la Archibald Makumbi lotchedwa Maliro ndi Miyambo ya Achewa, ngakhale Mngerezi wa lero angafulumire kulitcha treatise kapena study.

Pa matanthauzo enawo womasulira amasankha malinga ndi kumene liwulo lapezeka. Pa Talmud, mawu oyenera ndi chigawo, monga chigawo cha Talmud chotchedwa Berakhot. Pa Augustine ndi anzake, ndi ulaliki wofotokoza Malemba. Pa Nag Hammadi ndi Plotinus, ndi cholemba kapena nkhani imodzi mwa zimene zili m'bukumo. Mitu ya Chilatini ya Glanvill, Spinoza ndi Wittgenstein imasiyidwa mmene ilili, chifukwa ndi dzina limenelo lokha limene wowerenga angakapezere mabukuwo m'laibulale kapena pa intaneti. Thirakiti amasungidwira kapepala kogawidwa, ndipo pangano limasungidwira chimene mayiko adasainirana.